Pakhomo pa Eni: Mbiri ya Tinyumba ta Antchito a M'minda ku England

Amene anaonapo kalendala kapena chitini cha mabisiketi chochokera ku England akuchidziwa chithunzichi: kanyumba koyera mbee, denga la udzu lochindikala, maluwa atayanga pakhomo, mayi ataima pa geti mwana ali m'manja. Masiku ano tinyumba totere timagulidwa ndi anthu a ndalama ochokera ku London, pa mtengo woti wantchito wa m'munda sangaulote n'komwe. Akatswiri ojambula monga Helen Allingham, amene anamwalira mu 1926, ndiwo anazoloweretsa dziko kuona tinyumbati ndi diso lotere. Iwo ankajambula kunja. M'kati munali chinyontho, njala ndi kuthithikana, komanso mantha. Mantha aakulu sanali a mvula kapena chisanu ayi. Anali a mwini nyumba, yemwenso anali mwini ntchito.

## Eni malo, alimi ndi antchito

M'zaka za m'ma 1800, mudzi wa ku England unali ndi magulu atatu a anthu. Pamwamba panali mwini malo, wokhala m'chinyumba chachikulu pakati pa nkhalango yake. Iyeyu pulawo sankaigwira. Minda yake ankaichititsa lendi kwa alimi, ndipo amenewa ndiwo gulu lachiwiri: akavalo, ng'ombe, nkhosa ndi zipangizo zinali zawo, koma nthaka ayi. Pansi penipeni panali wantchito, wopanda munda, wodalira manja ake ndi malipiro a pa mlungu. Kalembera wa 1851 anapeza antchito otere oposa miliyoni imodzi. Kaundula wa eni malo amene boma linachita m'zaka za m'ma 1870 anaonetsa kuti anthu pafupifupi 7,000 okha ndiwo anali ndi magawo anayi mwa asanu a nthaka yonse ya Britain ndi Ireland.

Nanga malipiro? Mu 1850 ndi 1851 James Caird anayendera zigawo za England polembera nyuzipepala ya The Times. Anapeza kuti kummwera wantchito ankalandira masheleni 8 ndi timapeni pa mlungu, pamene kumpoto ankafika masheleni 11 ndi theka. Kumpotoko kunali migodi ndi mafakitale, choncho mlimi akaumira, anyamata ankamuthawa. Kummwera kunalibe kothawira. Pa kandalama kameneka pankachoka sheleni imodzi kapena masheleni awiri a lendi, ndipo mvula ikaletsa ntchito, tsikulo ambiri sankalipidwa. Ku Devon ndi zigawo zoyandikana nayo, gawo lina la malipiro linkabwera ngati mowa wa maapozi, umene sukanadyetsa mkazi ndi ana.

## Mmene nthaka inawachokera

Sikuti makolo a anthuwa anali osowa pogwira chiyambire. Mu 1589, Mfumukazi Elizabeth Woyamba ali pampando, nyumba ya malamulo inalamula kuti womanga kanyumba kumudzi azikapatula ndi maekala anayi a nthaka. Lamuloli silinkatsatidwa kwenikweni ndipo linafafanizidwa mu 1775, komabe likutiuza maganizo a nthawiyo, oti banja la mmphawi liyenera kukhala ndi polima. Midzi yambiri inalinso ndi malo a onse, madambo ndi tchire, kumene wosauka ankadyetsako ng'ombe yake imodzi, atsekwe kapena nkhumba, n'kutolako nkhuni. M'mphepete mwa malo amenewa ena ankangodzimangira. Ku Wales ndi madera ena a England anthu ankakhulupirira kuti ukamanga nyumba usiku umodzi, utsi n'kufuka padenga dzuwa lisanatuluke, palibe angakuchotse. M'mabuku a malamulo munalibe zotere, koma abale ndi anansi ankathandizanadi kuimika zipupa usiku wonse kuti kukamacha moto ukhale utayaka.

Zonsezi zinatha ndi mipanda. Makamaka kuyambira cha m'ma 1750 mpaka cha m'ma 1850, eni malo akuluakulu ankapempha nyumba ya malamulo kuti iwalole kugawana minda ya mudzi pamodzi ndi malo a onse aja, aliyense n'kutchinga gawo lake ndi mpanda wa mitengo yaminga. Malamulo otere anaposa 5,000, ndipo anakhudza maekala pafupifupi 7 miliyoni. Wosauka wokhala ndi chikalata ankapatsidwa kachigawo, koma ndalama zolipira oyeza malo ndi zomangira mpanda zinkamukulira, mapeto ake n'kugulitsa. Amene ankadyetsa ng'ombe padambo kungoti agogo ake ankateronso, wopanda chikalata, ankatuluka chimanjamanja. Zokolola zinachuluka, zimenezo sitingakane. Koma ngakhale Arthur Young, mlembi wa zaulimi amene ankalimbikitsa mipandayi ndi mtima wonse, anadzavomera pambuyo pake kuti amphawi ambiri inawapweteka, makamaka powalanda podyetsa ng'ombe.

Mwini malo ankatha kusamutsa ngakhale mudzi wathunthu. Ku Dorset, m'zaka za m'ma 1770, Joseph Damer anagwetsa tauni yakale imene inali pafupi ndi nyumba yake chifukwa inkamusokoneza maso ndi makutu. Chapatali pang'ono anamanga mudzi watsopano wa Milton Abbas, tinyumba tofanana tondandalika mbali ziwiri za msewu, kalikonse ka mabanja awiri, ndipo m'zaka zotsatira anthu anathithikana mmenemo koopsa.

## Tilowe m'kati

Wosauka amamanga ndi chimene chili pafupi. Ku Devon ndi Dorset zipupa zinali za dothi losakaniza ndi mapesi a tirigu, loponda ndi mapazi n'kuliunjika mzere ndi mzere, pafupifupi ngati nyumba zathu za mdindo. Ku Norfolk ankaumba zidina zikuluzikulu. Kwina ankaluka timitengo n'kuphoma ndi matope, ndipo kumene kuli miyala ankamanga ndi miyala. Ankafolera ndi mapesi a tirigu kapena bango. Nyumba yotere ikamasamalidwa imatha zaka mazanamazana, ndipo zina zilipo mpaka lero. Dothi ndi udzu sizinali vuto. Vuto linali loti wogonamo sanali mwini wake, ndipo mwini wake sankagonamo. Denga likayamba kudontha, wokonza palibe.

Pansi pali chipinda chimodzi. Kuphika momwemo, kudya momwemo, kuchapa ndi kuyanika zovala momwemo. Popondapo ndi dothi lokhalokha kapena njerwa zoyala panthaka, zimene nyengo yachisanu zimangokhala zonyowa. Moto uli kuchipupa, mphika utalendewera pa unyolo. Nkhuni n'zosowa chifukwa tchire lili ndi mwini, malasha ngodula, choncho mabanja ambiri a kummwera ankasonkha moto pophika pokha. Bambo akabwera atavumbwa, malaya ake ankawavalanso m'mawa asanaume, ndipo nyamakazi inali matenda a pafupifupi nkhalamba iliyonse. Zenera ndi laling'ono, galasi likasweka amatsekapo ndi sanza. Pakona pali makwerero okwerera ku kachipinda ka m'mwamba, kunsi kwa udzu kwenikweni, momwe munthu wamkulu amaima chowongoka pakati pokha.

M'kachipinda kameneko ndimo munkagona banja lonse. Mu 1864 boma linatuma Dokotala Henry Hunter kuti akaone nyumba za antchito a m'minda. Anayendera tinyumba 5,375. Mwa timeneti, 2,195 tinali ndi chipinda chogona chimodzi chokha, 2,930 tinali ndi ziwiri, ndipo tokhala ndi zoposa ziwiri tinali 250 basi. Tangoganizani: bambo, mayi, anyamata ndi atsikana otha msinkhu, khanda, nthawi zina ndi mlendo wolipira malo ogona, chowatchinga chili chinsalu chakale chopachika pachingwe. Gowelo kapena mphala yoti ana osinkhuka akagoneko kunalibe, pakuti malo omangapo anali a eni. Mayi woyembekezera ankachirira momwemo. Wodwala chifuwa chachikulu ankatsokomolera momwemo. Munthu akatisiya, mtembo unkagona momwemo mpaka tsiku loika maliro.

Kuseri kunali chimbudzi chimodzi cha mabanja angapo, dzala ndi khola la nkhumba, kawirikawiri pafupi ndi chitsime, ndiye taifodi ikalowa m'mudzi inkayenda khomo ndi khomo. Chimene chimandipweteka powerenga za nthawi imeneyi n'chakuti abusa ndi akuluakulu ambiri opereka umboni ku boma ankadandaula kwambiri za makhalidwe, ati kugona chipinda chimodzi kukuwononga ulemu wa amphawi. Ndi ochepa amene ankafunsa chifukwa chimene munthu wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa mlungu, kuyambira ali mwana mpaka imvi, ankalepherera kupezera ana ake chipinda chachiwiri.

## Za mumphika

Chakudya chenicheni chinali buledi, ndipo gawo lalikulu la malipiro linkathera pa ufa. Pambali pake panali mbatatesi, kabichi wa kuseri kwa nyumba, mafuta a nkhumba opaka pa buledi, tchizi pang'ono ndi tiyi wopyapyala. Masamba a tiyi akatha, ena ankathira madzi otentha pa makoko a buledi wopserera kuti madziwo angoda. Dokotala Edward Smith, amene anafufuza kadyedwe ka amphawi mu 1863, anapeza kuti kanyama kakapezeka kankapita kwa bambo, mayi ndi ana n'kukhalira buledi ndi tiyi. Sikunali kudzikonda. Bambo akanagwa, banja lonse likanagwa naye.

Banja loweta nkhumba linali ndi podalira. Ana pochokera kusukulu kapena kumunda ankaithyolera zitsamba m'mbali mwa njira, ndipo makoko onse a mbatatesi anali ake. Inkaphedwa chisanu chikamayamba, nyama yake yothira mchere n'kupachikidwa kuchipupa, ngakhale kuti nthawi zambiri theka linali litalonjezedwa kale kwa wagolosale kapena wachigayo pa ngongole. Flora Thompson, amene anakulira m'kamudzi ka Juniper Hill ku Oxfordshire, anafotokoza bwino moyo umenewu m'buku lake la Lark Rise la mu 1939: m'zaka za m'ma 1880 amuna a kwawo ankalandira masheleni 10 pa mlungu. Alimi ena ankaletsa antchito osamala akavalo kuweta nkhumba kapena nkhuku, powaganizira kuti aziba chakudya cha ziweto za bwana.

Tirigu akakololedwa, amayi ndi ana ankapita kukakunkha. M'midzi yambiri belu la tchalitchi linkalira m'mawa kuti onse ayambe pamodzi, wa ana ambiri asatsalire. Mayi wakhama ankakunkha tirigu wokwana ufa wa milungu yambiri. Koma mu 1788 khoti linagamula kuti kukunkha si ufulu wa wosauka, ndi chifundo cha mwini munda. Akalulu odya mbewu m'minda nawonso anali a mwini malo: lamulo la 1828 linkati wogwidwa kachitatu akusaka usiku akhoza kutumizidwa kutsidya la nyanja zaka 7. Madzulo amayi sankapuma. Ku Bedfordshire ankaluka mapesi opangira zipewa za ku Luton, ku Buckinghamshire ankaluka lesi, ku Somerset ankasoka magolovesi, ana aang'ono akuthandiza pambali.

## Midzi yotseka ndi midzi yotsegula

N'chifukwa chiyani nyumba zinkasowa chonchi m'dziko lolemera kuposa onse panthawiyo? Yankho lili m'malamulo a amphawi. Parishi iliyonse inkayenera kusamala osauka ake ndi msonkho wochokera kwa okhala ndi minda ndi nyumba mmenemo, ndipo kuyambira mu 1662 lamulo linkanena parishi imene munthu aliyense ali wake. Mu 1834 chithandizocho anachiumitsa dala: wosowa ankayenera kukalowa m'nyumba ya amphawi yotchedwa workhouse, momwe mwamuna ankagona kwake, mkazi kwake, ana kwawo. Nkhalamba zambiri za m'minda zinathera mmenemo.

Tsono mwini malo wokhala ndi parishi yonse m'manja mwake anaona njira yochepetsera msonkho. Akagwetsa tinyumba, kapena kungotileka kuti tigwe tokha osamanga tina, amphawi sangakhale m'parishi yake, ndipo akadwala kapena kukalamba, wowasamala ndi wina. Midzi yotere inkatchedwa yotseka. Hunter uja anapeza maparishi 821 momwe pakati pa 1851 ndi 1861 anthu anachuluka pamene nyumba zinachepa. Manja a anthuwo ankafunikabe m'minda, ndiye ankagona ku midzi yotsegula, kumene nthaka inali ya eni ang'onoang'ono ambiri. Kumeneko agolosale ndi amisiri ankamanga tinyumba ta changuchangu n'kumalipiritsa lendi yokwera. Wantchito ankayenda mailosi atatu kapena anayi mbandakucha, n'kubwereranso mtunda womwewo usiku, ulendo wosalipidwa.

M'midzi yotsegula ngati Castle Acre ku Norfolk munabadwanso magulu a aganyu. Kapitawo ankasonkhanitsa amayi ndi ana, ena a zaka 6 kapena 7, n'kuwatengera ku minda yakutali kukapalira, kutola miyala kapena kuzula mpiru m'nthaka yozizira. Mlimi ankalipira kapitawo, kapitawo n'kudulapo yake. Mu 1865 nyumba ya malamulo inasintha kasonkhedwe kuti maparishi angapo azisenzera limodzi amphawi awo, ndipo phindu logwetsa nyumba linatha. Mu 1867 inaletsa ana osakwana zaka 8 kulowa m'magulu aja.

## Ntchito ikatha, nyumba yatha

Eni malo ena anamangadi nyumba zabwino. Mkulu wa banja la Bedford, mwini malo a ku Woburn, anamanga mazana a nyumba za njerwa m'zaka za m'ma 1840 ndi 1850, zina za zipinda zogona zitatu. Koma nyumba zambiri za pa famu zinkaperekedwa kwa mlimi pamodzi ndi munda, ndipo mlimiyo ndiye ankaikamo wantchito wake. Lendi inali yotsika, nthawi zina panalibe. Msampha unali pamenepo. Ukasiya ntchito, ukachotsedwa, ukavulala kapena ukakalamba, pakangotha mlungu umodzi kapena mwezi uyenera kutuluka. Bwana wina akanakulonjeza sheleni yowonjezera, ukanayamba waganiza kumene ana akagone. Ukayankha mwano, ukasiya tchalitchi cha Anglican n'kumapemphera ndi a Methodist, mwana wako wamkazi akatenga pathupi, ukagwidwa ndi kalulu m'thumba, denga linali pa chiswe. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe, ndipo anthuwa anakhala kwa eni kuyambira kubadwa mpaka kufa.

Chaka ndi chaka, nthawi yosinthana antchito ikakwana, m'madera ambiri kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, misewu ya kumidzi inkadzaza ndi ngolo. Pamwamba bedi, tebulo, mpando wa agogo, wotchi yokulunga m'bulangete, ana atakhala pa matiresi, mayi atafukata mphika.

Ku Northumberland ndi kumwera chakum'mawa kwa Scotland malipiro anali abwinoko, koma pangano lake linali ndi mbali ina. Mwamuna wolembedwa kwa chaka ankapatsidwa kanyumba pokhapokha atabweretsa mkazi wogwira ntchito m'munda wa bwana nthawi iliyonse imene wafunidwa. Ngati analibe mwana wamkazi wamkulu kapena mlongo, ankalemba mtsikana wachilendo, n'kumamudyetsa ndi kumugoneka m'chipinda chimodzi chomwecho. M'busa W. S. Gilly wa ku Norham analemba mu 1841 kuti tinyumba tambiri ta kumeneko tinali zipupa ndi denga basi: banja linkayenda ndi mazenera ake ndi chitsulo chake cha pamoto, posamuka n'kuzula.

Wowerenga wa ku Malawi sangalephere kukumbukira thangata. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, azungu atapatsidwa zikalata za umwini wa malo aakulu m'madera a Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, mabanja okhala pa maesiteti, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira malo omangapo ndi olimapo pogwira ntchito ya mwini esiteti, dzinja lenileni minda yawo ikuwafuna. Wokana ankathamangitsidwa. Nkhanza za pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe ndi anthu ake mu Januwale 1915, ndipo mchitidwewu unathetsedwa mwalamulo mu 1962. Kuno zinali zowawa koposa, pakuti panalinso tsankho la khungu, msonkho wa nyumba ndi chikoti. Koma katcheredwe ka msamphawo kanali komweko, ndipo otchera ake anachokera ku dziko limene linali litauzolowera kale.

## Moto wa 1830 ndi amuna a ku Tolpuddle

Anthuwa sanangokhala chete nthawi zonse. Mu Ogasiti 1830 antchito a ku Kent anayamba kuphwanya makina opunthira tirigu, amene ankawalanda ntchito yokhayo ya nyengo yachisanu. Zipolowe zinafalikira kummwera ndi kum'mawa konse, milu ya udzu ndi tirigu ikuyaka usiku, alimi akulandira makalata oopseza osainidwa ndi dzina lopeka la Captain Swing. Boma linabwezera mwaukali: anthu 19 ananyongedwa, pafupifupi 500 anatumizidwa ku Australia.

Ku Tolpuddle, m'chigawo cha Dorset, malipiro anali atatsika kufika masheleni 7, ndipo kunkamveka zoti afika 6. George Loveless, mlaliki wa Methodist, ndi anzake anayambitsa bungwe la antchito, ndipo ankakumana m'kanyumba ka Thomas Standfield. Mu 1834 amuna asanu ndi mmodzi anaweruzidwa ku Dorchester kuti akakhale ku Australia zaka 7, pa mlandu wolumbiritsana mwachinsinsi. Anthu pafupifupi 800,000 anasaina chikalata chowapempherera chifundo, ndipo mu 1836 anakhululukidwa. Asanu anadzasamukira ku Canada. James Hammett yekha ndiye anakhazikikanso ku Tolpuddle, ndipo anamwalirira m'nyumba ya amphawi ku Dorchester mu 1891. Pokumbukira zaka 100 za mlanduwu, mu 1934 mabungwe a antchito anamanga ku Tolpuddle nyumba zisanu ndi imodzi zoti muzikhala antchito a m'minda opuma.

## Munthu amene nyumba inali yake

Joseph Arch anabadwa mu 1826 ku Barford, m'chigawo cha Warwickshire. Ali ndi zaka 9 anayamba ntchito yoinga akhwangwala m'munda, mapeni 4 pa tsiku. Umphawi wa kwawo unali wofanana ndi wa anansi awo, kupatula chinthu chimodzi: agogo ake anasunga ndalama pang'onopang'ono mpaka kugula kanyumba kawo ndi mapaundi 30. Nyumbayo inali yawoyawo, nthaka yake yomwe.

Phindu lake linkaonekera pa mayi ake. Mkazi wa m'busa wa m'mudzimo atalamula kuti atsikana onse a pasukulu ametedwe tsitsi mofanana, mayi a Arch anakana kuti ana awo akhudzidwe. Chilango chake, banjalo linasiya kulandira supu ndi malasha zimene a kunyumba ya m'busa ankagawira amphawi. Koma kuwatulutsa m'nyumba palibe akanatha. Joseph mwiniwake anasimba m'buku la mbiri yake kuti ali mwana anasuzumira pa kabowo ka kiyi ka chitseko cha tchalitchi nthawi ya mgonero, n'kuona mwini malo akupita kutsogolo yekha, kenako alimi, kenako amisiri, pomalizira penipeni antchito, bambo ake ali pakati pawo. Chimenechi sanachiiwale moyo wake wonse. Atakula anakhala katswiri woluka mipanda, woyenda zigawo zambiri, komanso mlaliki wa mpingo wa Primitive Methodist.

Pa 7 Febuluwale 1872, tsiku lamvula, amuna a ku Wellesbourne anabwera kudzamupempha kuti akawalankhule za bungwe. Anamusankha chifukwa ankadziwa kulankhula, inde, komanso chifukwa iye yekha sakanagona panja atalankhula. Madzulo ake anapeza khamu la anthu mazanamazana, loti silikanakwana m'nyumba iliyonse. Anaima pa kabenchi kopherapo nkhumba, patsinde pa mtengo waukulu, anthu atanyamula nyali. Ankalandira masheleni 12, anapempha 16. Alimi atakana, ananyanyala ntchito. Mu Meyi chaka chomwecho, ku Leamington, bungwe la antchito a m'minda la dziko lonse linakhazikitsidwa, Arch ali mtsogoleri, ndipo pofika 1874 linali ndi mamembala oposa 86,000. M'madera ambiri malipiro anakwera ndi sheleni imodzi kapena masheleni awiri.

## Alimi abweza

Chida cha alimi chinali chodziwikiratu. Amuna olowa bungwe ankalandira makalata otuluka m'nyumba. Ku Milborne St Andrew, ku Dorset, kuli chithunzi cha mu 1874 cha mabanja ataima pamsewu, katundu wawo ali mbwee panja. Chaka chomwecho alimi a ku Suffolk ndi zigawo zoyandikana anagwirizana zochotsa ntchito aliyense wa m'bungwe, anthu pafupifupi 10,000, ndipo patapita miyezi ingapo ndalama za bungwe zinatha, amuna n'kubwerera mogonja.

Amayi nawo analawa ndende. Mu Meyi 1873, ku Ascott-under-Wychwood m'chigawo cha Oxfordshire, mlimi wina anachotsa amuna a m'bungwe n'kubweretsa anyamata awiri a mudzi wina. Amayi a m'mudzimo anakawaimirira pa geti kuti asalowe m'munda. Oweruza awiri a ku Chipping Norton, onse abusa a tchalitchi, anagamula amayi 16 kuti akagwire ntchito yakalavulagaga ku ndende ya Oxford, ena masiku 7, ena 10. Awiri anapita ndi makanda oyamwa. Dziko lonse linaipidwa nazo.

## Chitetezo chochedwa

Mu 1884 antchito a m'minda anapatsidwa ufulu wovota, ndipo mu 1885 Joseph Arch anasankhidwa kukhala phungu wa North West Norfolk. Bungwe lake linafota n'kutha m'zaka za m'ma 1890. Nthawiyo n'kuti tirigu wotchipa wa ku America atagwetsa ulimi wa England, ndipo achinyamata ankachoka m'midzi mwaunyinji, ena ku matauni, ena ku Canada, Australia ndi New Zealand. Ambiri pofunsidwa chowachotsa ankatchula malipiro ndi nyumba. Arch anamwalira mu 1919 ku Barford konko.

Zosintha zinkabwera pang'onopang'ono. Mu 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, boma linaika malipiro otsikitsitsa a masheleni 25 pa mlungu. Kuyambira mu 1919 makhonsolo anayamba kumanga nyumba zawo kumidzi, ndipo wantchito wopeza nyumba ya khonsolo ankatha kusintha bwana osasamuka. Madzi a m'mipopi ndi magetsi zinafika m'tinyumba tambiri nkhondo yachiwiri itatha. Koma mphamvu ya mlimi yotulutsa banja inatsalabe, ndipo mpaka m'zaka za m'ma 1970 mabanja ankatulutsidwabe ndi chilolezo cha khoti. Bungwe latsopano la antchito a m'minda, pamodzi ndi aphungu monga Joan Maynard, linalimbana nayo nkhaniyi zaka zambiri.

Lamulo linadutsa mu 1976. Linati wantchito amene wagwira ntchito ya ulimi milungu 91 mwa milungu 104 yapitayo sangatulutsidwe m'nyumba chifukwa choti ntchito yatha, ndipo akamwalira, mkazi wake akhoza kukhalabe momwemo. Mlimi wofuna nyumbayo kuti aikemo wantchito wina ankayenera kupempha khonsolo kuti ipezere banjalo nyumba ina yoyenera. Linali lamulo labwino, koma linachedwa kwambiri. Kuchokera pa msonkhano wa ku Wellesbourne panali patapita zaka 104, ndipo pofika nthawiyo mathirakitala anali atachotsa kale antchito ambiri m'minda, kotero kuti otetezedwawo anali otsalira ochepa chabe.